Nsanza Zofiira pa Malalanje

"Ikani pansi mpeniwo, alamu."

A Benedicto anali atagwira kale nthambi ndi dzanja lamanzere, mpeni uli kumanja. Anatembenuka. Pa mpata wa mpanda wa dimba panali pataima a Timoteyo, mchimwene wa malemu mkazi wawo, manja ali m'chiuno.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Za kudzuka tifunsana pambuyo. Ndati mpeniwo pansi."

"Sindikudula mtengo ayi. Ndi kanthambi aka kokha. Tasenderani kuno muone."

"Ndikuona ndili pompano. Mlongo wanga Esitere sanathe ndi miyezi itatu yomwe m'manda, inu mwayamba kale kusadza mitengo yake. Mawa tidzapeza mwasasula denga."

A Benedicto anapisa m'thumba la shati n'kutulutsa kanthambi kena kamene kanathyoka kokha ndi mphepo dzulo lake. Pakati pake panali potupa, pokula ngati chala chachikulu. Anapang'amba ndi mpeni n'kutambasula dzanja. Mkatimo munali mphutsi zing'onozing'ono zoyera, iliyonse m'kachipinda kake.

"Mdani wake ndi ameneyu, alamu. Pali timavu tina, tochepa kuposa nyerere, timene timaikira mazira m'khungwa la nthambi zanthete. Nthambi imatupa chonchi, zipatso zimachepa, kenako imauma. Panopa mphutsizi zidakali mkati. Tikadula zotupa zonse mwezi uno wa Ogasiti n'kuziwotcha, nkhani yatha. Koma kukangotentha, mitengo n'kuyamba kuphukira, zimamera mapiko, n'kuboola, n'kutuluka. Zikatuluka palibenso chogwira."

"Sukulu imeneyo munaiphunzira kuti?"

"Ku famu ya malalanje ku Chipata, komwe ndinkagwira ntchito ndisanakwatire. Mukudziwa."

"Za ku Zambia zisiyeni ku Zambia. Kuno kuli mwambo. Mpaka tidzakusudzuleni, chilichonse cha malemu chikhale momwe anachisiyira. Mbale, nkhuku, mtengo, zonse."

"Nanga kusudzulako ndi liti?"

"Kumapeto kwa Okutobala, akabwera achimwene athu aakulu a ku Kitwe. Popanda iwo sizingatheke."

"Okutobala ndi kutali, alamu. Mitengoyi siidikira."

"Mukuthamangira kuti? Kapena mwapeza kale wina kwanu ku Mavwere?"

Mawu amenewa anawalasa a Benedicto pamtima. Anapinda mpeni wawo n'kuuika m'thumba. A Timoteyo anaimabe pampatapo mpaka mlamu wawoyo atatuluka m'dimbamo, ndipo anatseka okha chitseko cha mapesi.

Ukamwini ndi chinthu chovuta kuchimvetsa. Munthu ukhoza kukhala pamudzi wa mkazi zaka makumi awiri ndi zitatu, monga anakhalira a Benedicto ku Kapondo kuno, kukumba manda a eni mudzi, kufolera nkhokwe za apongozi, kubereka ana ndi kuika ena m'manda momwemo. Koma tsiku limene mkazi wako watsikira m'dzenje, umadzuka uli mlendo wofika dzulo. Mitengo ya malalanje makumi atatu ndi umodzi ya m'dimba lija anaimezanitsa okha a Benedicto, umodziumodzi, pa matsinde a mandimu. Anaithirira ndi ndowa ya pamutu anthu akuwaseka kuti mkamwini wanzeru sabzala mtengo. Komabe nthaka inali ya kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali a Timoteyo.

Zoti adzachoka, a Benedicto anali atazivomereza. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali Keziya, mwana wawo yekhayo wotsala. Mwamuna wake anakwera thiraki pa boda ya Mchinji chaka chatha ati kukafuna ganyu, ndipo sanamvekenso. Anamusiya ndi khanda. Malalanje aja ndiwo ankamudyetsa Keziya, chifukwa nyengo yake ikafika ankawasenza kukagulitsa kwa madalaivala pa boda. Esitere ali gone pamphasa, mawu akutuluka movutikira, ananena pamaso pa onse kuti dimbalo ndi la mwanayo.

"Ndipatseni mpeniwo ndikadule ndine, ababa," anatero Keziya masana ake, akuyamwitsa mwana pakhonde. "Ine si mkamwini. Mchombo wanga unagwera pompano."

"Kapemphe kaye kwa amalume ako."

"Kupempha chinthu changa chomwe?"

"Kapemphe, mwanawe. Ine ndikupita, iwe utsala nawo."

Keziya anapita, ndipo sanachedwe kubwerako. Maso anali ofiira.

"Ati chiyani?"

"Ati wandituma ndani. Ati akangoona tsamba limodzi pansi, ndisadzawatchulenso amalume. Nkhani ya ukwati wanga ndidzaiyendetse ndekha, mwanayu akadwala ndisadzagogode pakhomo pawo." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Komanso ndawamva akuuza akazi awo kuti malo a kudambo aja akungowonongeka ndi zipatso za ana. Ati pakanakhala nazale ya fodya."

Pamenepo a Benedicto anamvetsa. Chibwerereni matipate, fodya wa bale anali ataloledwa kwa aliyense, ndipo mwamuna aliyense wa ku Kapondo ankalota chigafa chake. Dimba la malalanje linali pamalo okhawo a banjalo pamene madzi saphwa. A Timoteyo sankafuna kudula mitengo ya mlongo wawo anthu akuona. Ankangofuna kuti ife yokha.

Mawa lake a Benedicto anapalasa njinga kupita kwa alangizi a zaulimi, poganiza kuti mwina mawu a munthu wa boma akhoza kumveka pamene a mkamwini akanika. Anapeza chitseko chili chokhoma. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pafupi anati alangizi ali ku semina ku Lilongwe. Anapitanso sabata yotsatira. Ulendo uno anawapeza, munthu waulemu ndithu, amene anayang'ana kanthambi kaja n'kugwedeza mutu.

"Mukunena zoona, bambo. Dulani msanga, muwotche."

"Ndiye mubwere mukawauze eni ake."

"Njinga yamoto ilibe mafuta mwezi uno. Komanso nkhani za m'banja ife sitilowerera. Tikatero mawa amatithamangitsa m'midzi."

A Benedicto anabwerera dzuwa lili pamutu. Ogasiti anali atatsala ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo mphepo yozizira ija inali itayamba kale kufooka.

Kulowa m'dimba sanawaletse, anangowaletsa mpeni. Ndiye m'mawa uliwonse ankathirira, kenako n'kumayendayenda pansi pa mitengo akusisita nthambi ndi chala. Zotupa zina zinali poyera, koma zambiri zinali zobisika m'masamba, zoti diso la Keziya silikanaziona. Ndi mmene anaganizira za zizindikiro. Anati mumtima: ndikamanga kansanza pa nthambi iliyonse yodwala, pamalo enieni oyenera kudula, alamu akaona kuchuluka kwake mwina achita mantha. Ndipo tsiku limene adzalole, kaya ine ndilipo kaya ndapita, mwanayu adzangotsata nsanzazo n'kumaliza tsiku limodzi.

Inafunika nsalu yooneka bwino pakati pa masamba obiriwira. M'nyumba monse munali imodzi yokha yotero, chitenje chofiira chakale chimene Esitere ankavala popita kudimba. Chinali chitang'ambika kale m'mbali. A Benedicto anachigwira nthawi yaitali, n'kuchinunkhiza, chifukwa fungo la utsi ndi sopo wa mwini wake linali lisanathe. Kenako anayamba kuching'amba timizeretimizere. Mumtima mwawo ankaona ngati Esitere akuwathandiza ntchito komaliza.

Sanabise kanthu. Anamanga nsanzazo dzuwa likuswa mtengo, akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Pofika madzulo mitengo yonse makumi atatu ndi umodzi inali waliwali ndi tinsalu tofiira. Munthu wanzeru zake akanaima kaye n'kudzifunsa kuti anthu a pamudzi akaona zimenezi aganiza chiyani. Koma a Benedicto mutu wawo wonse unali pa mphutsi.

Woyamba kuona anali a Anasi, mayi wake wa Esitere, amene anatsikira kudambo m'mawa kukathyola chisoso. Anaima. Anasendera pafupi, n'kugwira kansanza kamodzi, n'kuzindikira maluwa a nsaluyo. Anaigula ndi iwo omwe pa msika wa pa boda.

"Mayo ine! Mwana wanga! Amumangirira mwana wanga m'mitengo!"

A Benedicto anali pachitsime ndi ndowa. Chikwatirireni, iwo ndi apongozi awowo anali asanayang'anizanepo maso ndi maso. Akakumana panjira, mkamwini ankapatukira kutchire n'kunjuta, nkhope atalozetsa kumbali. Ndipo ngakhale tsiku limeneli, pamene mawu awiri okha akanatha kuzimitsa moto, miyendo yawo inachita zimene inazolowera. Anatula ndowa, anapatuka, ananjuta kuseri kwa nthochi. Kwa a Anasi, ndi kwa amayi ena amene anathamangira kulirako, zinaoneka ngati munthu wagwidwa ndipo akubisala.

Posakhalitsa dimba linadzaza. A Timoteyo anafika akumanga mabatani a shati.

"Tulukani kumeneko, alamu. Izi ndi chiyani?"

"Ndi zizindikiro chabe. Keziya, tawauza agogo ako kuti ndi zizindikiro za podula."

"Agogo, ababa akuti..."

"Khala chete iwe!" anakalipa a Timoteyo. "Zizindikiro? Nsalu yofiira? Ya munthu wakufa? Bwanji simunamange luzi?"

"Luzi silioneka m'masamba."

"Tamverani anthuni! Mlongo wanga anafa ndi chotupa m'mimba, achipatala anachita kugwira pakamwa. Lero mitengo yake yatupa. Ndipo munthu yemweyu, amene amadziwa za zotupa kuposa tonse, watenga chovala cha malemu n'kuchimangirira pa chotupa chilichonse. Mukufuna kuti atsatire ndani? Amayi? Ine?"

"Alamu, mukundidziwa. Ndine wa mpingo. Esitere ndinamusamala miyezi isanu ndi itatu, ndinkamutembenuza ndi manja awa."

"Manja omwewo ndi amene tikuwaopa."

Anthu anang'ung'udza. Panali amuna amene a Benedicto anawamezanitsira mitengo kwaulere, ndi amayi amene ana awo anakulira malalanje a m'dimbamo. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Sikuti onse anakhulupirira ayi. Koma kuikira kumbuyo mkamwini amene akupita, n'kudana ndi mwini mbumba amene akutsala, ndani angachite zimenezo? Keziya yekha ndiye ankalira, mwana kumsana naye akulira.

A Timoteyo analamula kuti nsanza zonse zimasulidwe. Amuna anakwera m'mitengo, ena atakulunga manja m'mapepala apulasitiki kuopa kukhudza mankhwala. Anaziunjika pakati pa dimba, anathira parafini, n'kuyatsa. A Benedicto anayang'ana utsiwo ukukwera kudutsa m'nthambi zotupa zija. Moto umene anaupempha kwa masabata atatu unayaka ndithu m'dimbamo, koma unapsereza chitenje cha mkazi wawo n'kusiya mphutsi zili phee.

Mwambo wosudzula uja, umene sukanatheka popanda achimwene a ku Kitwe, unatheka Loweruka lomwelo. Achibale awiri a a Benedicto anaitanidwa kuchokera ku Mavwere. Panalibe mowa, panalibe mawu othokoza. Anawapatsa khasu lawo, mphasa, njinga ndi chikwama cha zovala, n'kuwauza kuti ndi omasuka.

"Ndamva," anatero a Benedicto, atagwira chipewa m'manja. "Ndiye poti mwandimasula, katundu wa malemu salinso woletsedwa. Ndipatseni tsiku limodzi lokha. Lero lomwe lino. Muime pomwepo muziona chilichonse chimene ndikudula. Si za ine ayi, ndi za mdzukulu wanuyu."

"Dzulo munali mkamwini," anayankha a Timoteyo. "Lero ndiye simulinso kanthu pano. Dzuwa lisakuloweleni m'mudzi muno."

"Nanga Keziya? Muloleni adule yekha."

"Mitengo imene mwaigwiragwira ija? Palibe mwana wa mbumba yanga akhudze, mpaka tione kuti zimene munaikamo zatha mphamvu."

Keziya anawaperekeza mpaka pa mlatho wa mitengo. Bambo akewo anamuuza kuti azithirira m'mawa, osati masana, ndipo iye anangogwedeza mutu.

Ku Mavwere a Benedicto anafikira kwa mlongo wawo, m'kanyumba kamene kale munkagona anyamata. Anthu a kwawo anawalandira bwino, koma munthu wochoka ali mnyamata n'kubwerera ndi imvi amakhala mlendo kumeneko komwe. Seputembala anadutsa. Kunayamba kutentha, kutentha kwenikweni kwa fumbi ndi nyenje. Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa mandimu, ndipo m'makomo oyandikana munali malalanje ndi manachesi angapo. Tsiku limene a Benedicto anaona timasamba tatsopano tofiirira pa mtengo wa mandimuwo, anakhala pansi osadya. Ankadziwa chimene chinkachitika ku Kapondo.

Keziya anafika Lachitatu lina pakati pa Okutobala, wapansi, mwana kumsana, mapazi ali mbuu. Azakhali ake ankakazinga mtedza panja, ndipo anathamanga kukamulandira mwanayo. Atamwa madzi, Keziya anakhala pamphasa moyang'anizana ndi bambo ake.

"Adula, ababa."

"Adula zotupa? Mochedwa chonchi?"

"Adula mitengo. Yonse."

"Yonse?"

"Masamba anayamba kuchita chikasu, nthambi zina kuuma. Amalume anaitana anthu n'kunena kuti onani zimene anasiya munthu uja. Ati bambo ako ankalira kuti tidule, ndiye tadula. Mitengo yowongoka aimika nayo chigafa. Pafupi ndi chitsime paja pali nazale ya fodya tsopano. Ati ndizikathirira, adzandiganizira akagulitsa."

"Agogo ako anati chiyani?"

"Ati bola, mwana wawo apume."

Kenako Keziya anamasula kamtolo kamene ananyamula m'manja njira yonse. Kanali kokulungidwa m'masamba a nthochi, mkati muli kansalu konyowa. Anafunyulula mosamala. Munali kanthambi ka lalanje kotalika ngati mkono wa mwana, masamba atachotsedwa, maso ake ophukira ali bwinobwino.

"Ndi ka mtengo woyamba uja, wa pafupi ndi mpata, umene munabzala ndi amayi ine ndili m'mimba. Ndinadula iwo atapita kukanola nkhwangwa. Ndachita monga munkachitira inu, ndasankha yanthete, ndakulunga ponyowa, sindinaiike padzuwa. Azakhali ali ndi mandimu kuseriku. Mumezanitse, ababa. Zaka zitatu si zambiri. Ikadzabereka ndizidzabwera kudzathyola kuno."

Nkhope yake inali itawala koyamba chimwalirireni mayi ake. A Benedicto analandira kanthambiko ndi manja awiri. Mwanayo anali atadula bwino zedi, mopendeketsa, mpeni umodzi, ngati munthu wa ntchito yake. Anafuna kumuyamikira. Koma chala chawo chachikulu chinali chitayamba kale kuyenda chokha pakhungwa, monga chinazolowera, ndipo chakumunsi chinaima. Panali potupa pang'ono, poti diso silikanaona msanga. Anatembenuzira kanthambiko kudzuwa. Pa chotupacho panali timabowo tating'ono ngati tobooledwa ndi singano.

"Zatuluka," anatero.

"Ndiye si bwino? Ngati zatuluka ndiye kuti mulibe kanthu. Dulani potupapo mutaye, kumtundaku n'kwabwino."

"Zikatuluka sizipita kutali, mwanawe. Zimaikira mazira pa nthambi yanthete yapafupi, ngati iyi. Mazirawo saoneka. Adzaoneka chaka chamawa, nthambi ikadzatupa."

"Mwina pamenepa sizinaikire."

"Mwina."

"Ndiye yesani!"

A Benedicto anayang'ana mtengo wa mandimu wa mlongo wawo, ndi manachesi a pakhomo loyandikana, pamene amayi ena awiri anakhala pamthunzi akusenda chinangwa. Kuno matendawa kunalibe. Akanati ayese, n'kupezeka kuti alakwitsa, chaka chamawa mudzi wonse ukanadziwa amene anabwera nawo. Ndipo kuchokera kuno kunalibenso kwina koti angapite.

"Sindingathe, Keziya."

"Ababa, ndayenda wapansi kuchokera ku Kapondo. Watsala ndi womwewu. Kulibenso wina."

"Ndikudziwa."

Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kupita pa moto umene mlongo wawo ankakazingira mtedza. Anasuntha chiwaya. Anaima kanthawi, kanthambi kali m'manja, kenako anawerama n'kukaika pamakala. Poti kanali kakuwisi, sikanayake msanga. Kanayamba kutulutsa thovu kumapeto, n'kumalira, ndipo pabwalo ponse panamveka fungo la lalanje.

Keziya sanalire. Anangoyang'ana motowo, manja ali pamiyendo.

"Nanga ine ndi mwanayu tizidya chiyani, ababa?"

A Benedicto anatola kamtengo n'kukankhira mbali yotsala ya nthambiyo pakati pa makala, kuti ipse yonse.